Kathirakitala kanga kanandivula pamaso pa apongozi

Pali nkhani zimene mwamuna amayenera kupita nazo kumanda osauza munthu, ndipo iyi ikanakhala imodzi mwa izo. Vuto ndi lakuti anthu a kwathu kuseri kwa Kasisi akhala akuifotokoza kwa zaka zambiri, aliyense akuthiramo mchere wake (wina anafika ponena kuti ndinalira ndikuitana amayi anga, bodza lenileni). Ndaona kuti ndi bwino ndiinene ndekha, mwini manyazi.

Ku Lusaka ndinkagwira ntchito pa kampani ina ya boma, m'chipinda chosungira zipangizo za magalimoto. Makaniko akabwera ndi kapepala, ine ndinkakwera makwerero n'kumutsitsira chimene akufuna. Dzina la bawuti iliyonse ndinkalidziwa, koma kumanga bawutiyo pamalo pake sinali ntchito yanga. Boma litayamba kugulitsa makampani ake m'zaka za m'ma 1990, ife tinali m'gulu loyamba kuuzidwa kuti tikapume. Tinalongedza katundu n'kupita kumalo a makolo a mkazi wanga, amake Dalitso, anthu amene anachokera ku Katete kalekale. Kumudziko anangomva kuti ndinali pa kampani ya magalimoto, basi dzina langa linakhala ba Injiniya. Sindinawakonze. Munthu ukachotsedwa ntchito, ulemu uliwonse umene wautola panjira umausunga.

Anzanga amene tinachotsedwa nawo, ena analowa m'mowa, ena anayambitsa matchalitchi. Ine ndinagwidwa ndi matenda ena. M'mafamu akale a m'dera lathu munatsala timathirakitala tating'ono ta mawilo awiri, tokhala ndi zogwirira zazitali ngati wilibala, timene munthu amayenda pambuyo pake polima m'dimba. Eni ake oyamba anapita kale, ndipo tinkangochita dzimbiri kuseri kwa mashedi, nkhuku zikuikiramo mazira. Koyamba ndinakaona ndili pa njinga, mtima unangoti phwii, ngati ndaona mwana wamasiye. Kapitawo wa pafamupo anandipatsa posinthana ndi wailesi. Kachiwiri ndinasinthanitsa ndi jekete la suti. Kachitatu ndinakatenga ku Palabana, ndipo kanabwera pa lole ya mkaka, ine nditakhala pambali pake ndikukagwirira ngati wodwala.

Tonse titatu tinali takufa. Ndinatiika pansi pa mtengo wa mango, malo amene amake Dalitso ankawatchula kuti kumanda. Munthu akabwera kudzandifuna, ankamuyankha mosaseka n'komwe kuti, "Ali ku manda, akamba na akufa awo." Ndipo zoona ndinkakhala kumeneko tsiku lonse, ndikumasula, ndikutsuka ndi palafini, ndikuika mabawuti m'zitini monga mwa kukula kwake. Tinene zoona, za kulima sizinali m'mutu mwanga. Ndinkangofuna kumva kamodzi kokha kakulira, ndidziwe kuti chinthu chimene anthu anachitaya chikhoza kudzukanso. (Inde, ndikudziwa chimene mukuganiza. Nanenso ndinazindikira pambuyo pake kuti ndinkanena za ine ndemwe.)

Patapita chaka ndi miyezi, ka ku Palabana kaja kanadzuka, katadya ziwalo za anzake awiri. Waya wa kilatchi anali wa mabuleki a njinga yanga. Thanki ya dizilo inalibe chomangira, ndiye ndinavula lamba wanga wachikopa n'kuimanga naye, ine n'kuyamba kumanga buluku ndi chingwe cha khonje. Ndinakapaka penti yofiira paliponse, kunja ndi mkati momwe. Tsiku limene kanalira koyamba kanatulutsa utsi wonunkha moti nkhuku zinasamuka, ndipo amake Dalitso anakapatsa dzina loti Kanyimbi. Ndinakayendetsa kuzungulira nyumba katatu, ndikuseka ndekha ngati wamisala.

Tsopano ndikuuzeni za apongozi anga, amayi a mkazi wanga. Anali amasiye, a zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, ndipo nyumba yawo inali poonekera kuchokera pakhomo pathu. Iwo anali a mwambo wakale. Pa zaka khumi ndi chimodzi za ukwati wathu, sitinayankhulanepo maso ndi maso. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira m'thengo n'kuwomba m'manja ali komweko. Mawu onse ankadutsa mwa amake Dalitso, ndipo mkazi wangayu sanali mthenga wamba, anali sefa. Mawu akalowa okhakhala, ankatuluka osalala. Ndinkamuyamikira pa luso limeneli, osadziwa kuti tsiku lina lidzatipweteka tonse.

Munda wa apongoziwo ndi umene unkatidyetsa. Ichi ndiyenera kuchinena poyera. Chichokereni ku Lusaka, kamunda kanga sikankatifikitsa patali, ndipo dengu la chimanga linkachoka m'nkhokwe yawo kubwera kwathu popanda wonena kanthu. Zaka zimenezo matenda a denkete anali atatha ng'ombe m'midzi. Kwathu kunatsala ng'ombe ziwiri zokha zolima, za bambo wina dzina lake ba Chipungu, ndipo aliyense ankadikira pamzere. Malo pamzerewo sankapezeka mwaulere. Ofuna kulimiridwa ankapita nthawi yokolola kukathandiza kumenya ndi kupeta chimanga cha ba Chipungu, ndipo amene wagwira masiku ambiri ndiye ankakhala kutsogolo. Chaka chimenecho apongozi anagwira milungu iwiri yathunthu n'kupeza malo achitatu. Malo achitatu ndiye kuti mbewu zako zilowa pansi ndi mvula yoyamba.

Lamlungu lina tikutuluka m'tchalitchi, ba Chipungu anandiimitsa pakati pa anthu.

"Ba Injiniya, shani? Namvela ati umodzi wa akufa anu wauka. Manje kazalima liti, kapena ni kozungulira chabe nyumba?"

Anthu anaseka. Munthu wanzeru akanaseka nawo n'kupita kwawo. Ine ndinakweza mawu.

"Ba Chipungu, munda wamene ng'ombe zanu zilima masiku atatu, Kanyimbi kazamaliza dzuwa likalibe kufika pamutu. Chaka chino apongozi anga safunika ng'ombe. Nizawalimira nekha."

Titafika kunyumba, amake Dalitso anatseka chitseko n'kunditembenukira.

"Atate ake Dalitso, fodya wako ni uja ali pamphuno. Asiyeni amayi na malo awo. Kanyimbi mukayese mu munda wathu."

"Nakamba kale pa anthu. Mufuna niziwike kuti ndine wa boza? Pitani mukawauze."

Anapita, akukoka miyendo. Ndinali ndi chiyembekezo chobisika chakuti apongozi akana, ine n'kupulumuka ndi ulemu wanga. Koma yankho linabwera lalifupi: ngati mkamwini wawo wanena kuti alima, iwo ndani kuti akane. M'mawa mwake apongozi anakapereka malo awo achitatu kwa mayi wina wamasiye wa kutsidya kwa dambo.

Mvula yoyamba inagwa Lachitatu, yamphamvu bwino. Lachinayi masana ndinakankhira Kanyimbi m'mphepete mwa munda wa apongozi kuti ndikakonzeretu. Injini zakalezi zili ndi kambale kachitsulo pansi pa chitoliro chokokera mpweya. M'kambalemo mumathiridwa oyilo pang'ono kuti fumbi lizikodwamo lisanalowe mu injini. Mkati mwake mumakhala kamzere kosonyeza polekezera, koma penti yanga yofiira ija inali itakakwirira. Ndinaganiza motere: mawa kukhala ntchito yaikulu, ndipo wantchito sumumana chakudya. Ndinathira mpaka m'milomo.

Apongozi anali pakhonde pawo akusankha mbewu. Ndinaona akukodola mwana wawo n'kumunong'oneza mawu ambiri ndithu, dzanja likuloza kwa ine. Amake Dalitso anabwera ndi mawu ochepa.

"Amayi akuti kapena oyilo wachulukako pang'ono."

Ndinaseka chamumtima. Mayi wa ku Katete aphunzitse ba Injiniya za oyilo?

"Muwauze kuti uyu si saladi wophikira ndiwo za repu," ndinatero motsitsa mawu.

Sefa inabwerera kukhonde, ndipo ndinamva ikunena mokweza kuti, "Akuti zikomo, amvela." Apongozi anagwedeza mutu mokhutira n'kupitiriza kusankha mbewu zawo. Iwo anagona akudziwa kuti ndapungula oyiloyo. Ine ndinagona ndikudziwa kuti ndawaika pamalo pawo.

Lachisanu m'mawa anthu anali atadzaza m'mphepete mwa munda, chifukwa ndinali nditawaitana ndekha. Ba Chipungu nawo anaimitsa ng'ombe zawo pamsewu kuti aonere. Ndinavala malaya oyera ndi buluku la suti ija imene jekete lake linapita, chingwe cha khonje chili m'chiuno. Injini ya Kanyimbi imazizira ndi madzi othira pamwamba, ndipo ndinaona kuti chidebe chimodzi sichikwana. Ndinatuma amake Dalitso kuchitsime kuti akatunge china. Chitsimecho chinali kutali, kutsika kudambo. Kumbukirani bwino, munthu yekhayo amene akanatha kunyamula mawu pakati pa ine ndi apongozi ndinamuchotsa ndekha.

Ndinapukusa handulo. Kanyimbi kanatsokomola kawiri, kenaka n'kugwira: thu, thu, thu, thu. Ndinatsitsa pulawo, ndinalowetsa giya, tinanyamuka. Abale anga, mzere woyamba uja sindidzauiwala. Dothi lonyowa linkagudubuzika bwinobwino, lakuda, lonunkhira mvula. Anthu anaomba m'manja, amayi ena analuluta. Apongozi ankabwera m'mbuyo patali ndithu, kadengu ka mbewu m'manja, akuponya m'mzere n'kukwirira ndi phazi. Chichokereni pa ntchito, aka kanali koyamba kumva kuti ndine mwamuna wothandiza pamudzi. Ndinasangalala kwambiri, moti misozi inalengeza.

Mzere wachiwiri unkadutsa pamalo opendekeka. Kanyimbi katapendekeka, kulira kwake kunasintha. Thu, thu uja anayamba kufulumira, ndipo utsi unasanduka wotuwa. Pamenepo ndinamva mawu a apongozi kumbuyo kwanga, okweza kuposa mmene ndinawamverapo. Mwana wawo panalibe, ine sakanandiitana, ndiye anayankhula ndi kadengu kawo.

"Kadengu iwe! Injini iyi yayamba kumwa oyilo! Uza eni ake aime manje manje!"

Ndinamva liwu lililonse. Koma anthu anali akuonerera, ba Chipungu anali pamsewu, ndipo ulemu unandipatsa pothawira: mawuwo sanali anga, anali a kadengu. Mkamwini wamakhalidwe samvetsera zimene apongozi akukambirana ndi ziwiya zawo. Ndinapitiriza, chifuwa chili patsogolo.

Sindinayende mapazi khumi. Kanyimbi kanakuwa ngati nkhumba yogwidwa mwendo, n'kudumpha. Ndinabweza kachitsulo ka moto, palibe chinasintha. Ndinatambasula dzanja n'kutseka dizilo, koma kanangowonjezera liwiro. (Pambuyo pake ndinamva kuti injini ikayamba kuyamwa oyilo, dizilo siyimufunanso, imadzidyetsa yokha. Nthawi imeneyo ndinkangoti kalodzedwa.) Ndinafinya kilatchi ndi mphamvu zanga zonse, ndipo waya wa njinga uja anangoti thapu, n'kulendewera.

Poyamba ndinkayenda mofulumira, kenaka ndinkathamanga, kenaka miyendo inkangogunda pansi mwa apo ndi apo. Pulawo inatuluka m'nthaka n'kumadumphadumpha. Kukasiya sindikanatha, chifukwa kutsogolo kunali anthu, ndipo kuseri kwa anthuwo kunali nyumba ya udzu ya apongozi. Ndinakakhotetsa ndi thupi lonse, ndipo tinayamba kuzungulira m'mundamo, tikupondaponda mizere iwiri yokongola ija pamodzi ndi mbewu zake. Oluluta aja anabalalika. Ng'ombe za ba Chipungu zinathawa ndi goli lomwe, mwini wake akuzithamangira. Ndipo ine, ba Injiniya, ndinadzimva ndikukuwira makina mawu oimitsira ng'ombe: "Hoo! Hoo, iwe! Hoo!"

Pakati pa mundawo panali chitsa. Ulendo woyamba tinachilambalala. Ulendo wachiwiri ndinapunthwapo n'kugwa chafufumimba, manja akadali pa zogwirira. Mwendo wa buluku unakodwa pachitsapo, Kanyimbi kanakoka, chitsa chinakana, ndipo pa mkangano umenewo chingwe cha khonje ndicho chinagonja. Ndinamva mphepo kumene mphepo siyenera kufika. Buluku linatsala pachitsa ndi nsapato imodzi, ine ndikukwekweretsedwa pamimba m'matope. Za kabudula wamkati sindinena zambiri. Anali wa salaula, zovala zakale zogula pamsika, anatumikira zaka zake mokhulupirika, ndipo kumbuyo anali ndi mazenera awiri.

Chimene chinatiimitsa ndi chulu cha kumapeto kwa munda. Kanyimbi kanagunda n'kukakamira pomwepo, mawilo akukumba, injini ikukuwa moti makutu ankawawa. Wina anafuula kuti, "Izaphulika! Thawani!" ndipo amuna onse amphamvu anamvera. Ine ndinali chigonere pakati pa zogwirira, m'kamwa muli dothi, mawondo atasupuka, mphamvu yodzuka ndilibe.

Mu utsimo ndinaona munthu akubwera. Anali apongozi, ndipo ankabwera chambuyo. Anatsogoza msana kuti maso awo asagwere pa ine, akutsata phokoso ndi makutu, phazi limodzi pambuyo pa linzake, mosathamanga. Akuyenda chomwecho anamasula chitenje chapamwamba n'kuchipinda kanayi. Atafika, anapapasa ndi dzanja la kumbuyo mpaka anapeza pakamwa pa chitoliro cha mpweya, anaikapo chitenjecho, n'kukanikiza ndi manja onse awiri. Kanyimbi kanabanika. Kanayesa kutsokomola, kananjenjemera, ndipo mkati mwake munamveka kugogoda koipa, ngati wina akumenya poto ndi nyundo. Kenaka zii.

M'chete umenewo munamveka munthu mmodzi akuyamba kuseka, ena n'kumutsatira. Apongozi anatambasula chitenje chija, chili ndi chizindikiro chakuda chozungulira pakati, n'kuchiponya chakumbuyo. Chinagwera ndendende pamene chinkafunika. Kenaka anayang'ana chulu n'kuchiyankhula mokweza kuti onse amve.

"Chulu iwe, uza anthu kuti sewero yasila. Apongozi anga afuna mpata. Wamene ali na munda apite ku munda wake."

Kuseka kunatha pomwepo. Anthu anachoka mmodzimmodzi, ndipo apongozi anatola kadengu kawo n'kulowera kunyumba osacheuka. Amake Dalitso anatulukira nthawi imeneyo, chidebe pamutu, n'kupeza munda wopondedwa, buluku pachitsa, ndi mwamuna wawo atavala chitenje cha amayi awo. Anatula chidebecho pang'onopang'ono. "Madzi aya," anatero, "ni ya injini kapena ni yanu?"

Mpaka apa ndi pamene anthu a kwathu amalekezera, chifukwa ndi pamene pali poseketsa. Zotsatirazi safotokoza.

Madzulo ake ndinamasula injini. Mkati munali zidutswa zachitsulo zonyezimira, ndipo ngakhale ine wodziwa mayina okha ndinaona kuti Kanyimbi sikadzalimanso chaka chimenecho. Loweruka ndinapita kwa ba Chipungu, chipewa m'manja. Sanandiseke, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kuseka.

"Ba Injiniya, ningakonde kuthandiza amayi aja, koma nichose ndani pa laini? Aliyense anagwira nchito. Ng'ombe ni ziwiri chabe, nazo zalema. Malo yazapezeka Khisimisi ikapita."

Kudzala Khirisimasi itapita ndi kutaya mbewu. Panatsala khasu. Lolemba tinalowa m'munda atatu, apongozi mbali ya kum'mawa, ine mbali ya kumadzulo, amake Dalitso pakati. Manja anga a m'sitolo anatuluka matuza tsiku loyamba, anaphulika lachiwiri, ndipo lachitatu ndinkamanga nsanza pa mpini. Ndikaweramuka kuti ndipume, ndinkaona mayi wokalamba uja kutsidya akungogwetsa khasu, osaweramuka. Mbewu zimene ndinapondaponda anakapempha zina kwa anzawo a mumpingo. Tinalima milungu itatu n'kungopitirira theka pang'ono, udzu n'kutipeza. Ng'ombe zikanamaliza munda wonsewo masiku atatu.

Tinakolola monga tinalimira. Chaka chotsatira nkhokwe ya apongozi inaonetsa pansi mvula isanakhazikike n'komwe, komabe dengu linapitiriza kubwera kwathu, lochepa koma losalephera. M'mwezi wa Januwale ndikupita kukafuna ganyu, ndinaona gulu la amayi likulowera kufamu ina ya m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka kukapalira, kuti akalandire ufa. Pakati pawo panali apongozi anga, khasu paphewa, akutsimphina pang'ono. Ndinapatukira m'thengo monga mwa mwambo, ndipo ndinakhalamo nthawi yaitali atadutsa kale. Manyazi a buluku aja anali masewera poyerekeza ndi amene ndinamva m'thengomo.

Tsiku lomwelo ndinafunsa amake Dalitso funso limene ndinkaliopa.

"Amayi anaziwa bwanji vozimya injini?"

"Simunafunsepo," anatero. "Ku Katete atate anali na chigayo. Atate anali ku mowa, wamene anali kuliza injini na kuikonza zaka zonse ni amayi. Siku ija pa khonde anakamba kuti, ukazaza kambale injini izamwa oyilo, izathamanga yeka, ndipo sizazima. Ine ninaona monga ni mau yolemera kuuza mwamuna, ninachepesako. Nalakwa naine."

Kenaka anapitiriza, ndipo ulendo uno sanasefe kanthu.

"Pamene munanituma kuti asiye malo awo, ninawauza kuti akane. Muziwa anayankha chani? Anati, mwamuna uyu anthu amuseka kuchokera siku anabwera. Nikakana, nizakhala monga naine nimuseka. Olo makina yafe, azaziwa kuti pa mudzi pano pali umodzi anamukhulupirira."

Ndinatuluka n'kukakhala pansi pa mango paja, pakati pa akufa anga, ndipo ngati pali tsiku limene ndinalira pa nkhani yonseyi, ndi limenelo.

Mungaganize kuti ndinagulitsa zitsulozo kwa ogula zakutha. Ayi ndithu, matenda ena sachoka. Kanyimbi ndinakadzutsanso patapita zaka ziwiri, ndipo lero pansi pa mango pali tisanu, tiwiri tamoyo. Koma chichokereni chaka chimenecho, ndikafuna kuyesa makina ndimayesera m'munda mwanga, kopanda oitanidwa. Ndipo nyengo yokolola iliyonse, mpaka pamene apongozi anatisiya, ndinkapita ndekha kwa ba Chipungu milungu iwiri, mwamuna mmodzi pakati pa amayi, kukamenya chimanga kuti ndiwagwirire malo pamzere. Amayiwo ankandiseka tsiku lililonse, ndipo ndinkawasiya aseke. Kusekedwa kwanga sikunagonetsepo munthu ndi njala, koma kudzitama kwanga kunatumiza mayi wokalamba kuganyu.